Phazi la NyaZgambo pa Chipata cha Khola

Zonse zinayamba m'dzinja la 1999, chimanga chitangoyamba kumasula. Fyness Zgambo anali asanathe chaka pabanja. Anachokera ku Champhira n'kukakwatiwa kwa a Hara, kamudzi ka kumadzulo kwa Manyamula, pa 5 Seputembala 1998. Kumeneko panalibe womutchula dzina lakuti Fyness. Anali NyaZgambo, mkazi wa Yotam Hara, ndipo anali ndi pakati pongoyamba kumene.

Lachitatu pa 10 Febuluwale kunagwa mvula ya matalala masana, amuna onse ali kumunda wa fodya. Thole lobadwa dzulo lake linatitimira m'matope pakati pa khola, mutu wokha ukuoneka. Lamulo la pakhomopo Fyness ankalidziwa. Anamuuza sabata yoyamba yomwe kuti mkazi wokwatiwa saponda m'khola la kwa apongozi ake, pakuti kuseri kwa mpanda wake n'kumene kunagona makolo a banjalo. Koma thole likamamira silipereka mpata woganiza. Anachotsa mipiringidzo, n'kulowa, n'kulinyamula pachifuwa ngati mwana.

Potuluka anapeza apongozi ake aakazi, NyaJere, ataima pamvula osafunda kanthu.

"Mkamwana, waponda pati?"

"Thole limamira, amama."

"Likanamira! Mathole amabadwa chaka ndi chaka." Anayang'anitsitsa mapazi a Fyness odzaza ndowe. "Phazi lako lalowa kumene silinaitanidwe. Mbwenu chilichonse chili ndi mwana m'mimba pakhomo pano chamva."

Mwezi womwewo ng'ombe ziwiri zinapoloza. Pa 2 Malichi nayenso Fyness anapita padera. Yotam anayesetsa kumuuza kuti chaka chimenecho ng'ombe zinapoloza m'makola ambiri, mpaka ku Edingeni kumene iye sanapondeko, ndiponso kuti thole lija linali moyo, likudumphadumpha. Fyness ankangogwedeza mutu. Mawu a mwamuna wake ankathera m'khutu, koma a apongozi aja anali atalowa m'mafupa. Kuyambira pamenepo ankadziwa chinthu chimodzi chokha za iye mwini: phazi lake ndi lakupha.

Bizinesi ya chambiko anaiyamba awiriwo mu 2001, ndipo anagawana ntchito monga mwa mpanda wa khola. Za mkati zinali za Yotam. Ankakama kum'banda kucha, n'kudzaika ndowa kunja kwa chipata, pamwala wina wafulati. Kuchokera pamwalapo zinali za Fyness. Ankasefa mkaka pansalu yoyera, kuuthira m'zipanda zotsukidwa ndi madzi otentha, kuusiya ugone mpaka ugwirane, kenako n'kukhetsa madzi ake pang'onopang'ono kuti chotsalacho chikhale cholimba. Chambiko chake chinali chowawasa bwino, chosanunkha utsi, choti supuni n'kuima. Lachiwiri ndi Lachisanu Yotam ankamanga zigubu panjinga kupita ku Mzimba boma, kumene aphunzitsi, anamwino ndi apolisi ankamudikira. Wogula wamkulu anali mayi Linily Phiri, a ku Kasungu, amene anali ndi malo odyera pafupi ndi depoti.

Mwana anachedwa. Anabadwa pa 22 Meyi 2005, wamkazi, ndipo anamutcha Providence. Wina sanabwerenso. Bambo ake a Fyness, posangalala ndi mdzukuluyo, anatumiza ng'ombe yaikazi kuchokera ku Champhira, nanena pamaso pa mabanja onse awiri kuti iyi ndi ya NyaZgambo, pamodzi ndi zonse zimene idzabereke. Motero m'khola la a Hara munakhala ng'ombe ya mkazi amene sankatha kuikhudza ili kwawo. Mu 2014 ng'ombeyo inabereka thole lotuwa, lalikazi, limene Providence analitcha Nkhungu.

NyaJere anamwalira mu 2011. Pofika nthawi imeneyo anyamata ambiri a m'midzimo anali atathera ku Joni, ndipo m'makomo ena akazi anali atayamba kulowa m'makola, ena mobisa, ena poyera, chifukwa panalibe wina wotsegulira ng'ombe. Fyness yekha sanasinthe. Njira yake yopita kuchitsime inkalambalala kholalo patali, moti pabwalo panachita kanjira kokhota kamene aliyense ankakadziwa kuti n'ka NyaZgambo.

Lachiwiri pa 13 Juni 2017, Yotam anagwa panjinga atangodutsa Manyamula, zigubu n'kukhuthukira mumsewu. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako mbali yonse ya kumanja itafa, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka limodzilimodzi ngati akuwakoka ndi chingwe. Malo ake anakhala mpando wa pakhonde, woyang'anizana ndi khola. Ng'ombe zawo zokamidwa zinali zisanu.

Wokama anasowa. Ana a abale ake a Yotam onse anali ku Joni. Panatsala mkulu wake wa Yotam, Zondwayo, amene ng'ombe zake zinkagona m'khola lomwelo, ndipo iye anakanitsitsa kuti munthu waganyu alowemo.

"Chibaya cha adada si msika, mlamu," anatero, kutchula kholalo m'chinenero cha kwawo. "Ndizikukamirani ndine. Vuto lili pati?"

Vuto linali lakuti Zondwayo ankadzuka monga mwa mowa wa dzulo lake. Tsiku lina ankakama dzuwa litakwera, ng'ombe zitatopa n'kulira. Tsiku lina ankaiwala kupatula mathole madzulo, n'kupeza ayamwa wonse. Ndowa ankaitsuka akakumbukira. Fyness ankaima pamwala paja m'mawa uliwonse, manja atapinda, akuona zonsezi ndi maso ake kudzera m'mipata ya mpanda. Ankaona nkhupakupa zitatupa m'makutu mwa ng'ombe. Ankaona matope akufika m'mawondo, ziboda zikuola. Zonse ankazidziwa mankhwala ake, koma zinali tsidya lina la chipata.

Kumbuyo kwake Yotam ankamenya ndodo pansi ndi dzanja lamanzere.

"Lo... wa. NyaZgambo. Lowa!"

"A Hara, ndapota, musandiuze zimenezo. Mukufuna ndimalize zotsalazi?"

"Ine... mwini. Nda... lola."

"Inu mwalola. Nanga phazili lamva?"

Fyness mwiniwake ndiye anayamba kupita kuboma, pa matola, zigubu zili pamiyendo. Poyamba makasitomala ankagula mwachisoni. Koma chisoni sichikhalitsa pa lilime. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala 2018 mayi Linily analawa, n'kulavulira m'ngalande.

"Mayi Hara, tisanamizane. Ichi si chambiko chanu. Chikumveka ndowa yakuda, komanso ngati kachasu patalipatali. Anthu anga akubweza mbale."

"Wokama ndi mlamu wanga, mayi. Ine ndimangolandira."

"Nanga manja anuwo anapita ku Joni nawonso? Kamani nokha!"

Fyness anayang'ana pansi. "Kwathu sizitheka."

"Ndiye zikadzatheka mudzandipeze. Pepani, inetu ndili ndi lendi."

Fyness anabwerera ndi chigubu chodzaza, n'kukapatsa nkhumba za oyandikana nawo.

Ng'ombe zinayamba kutha. Ziwiri zinafa ndi matenda a nkhupakupa m'dzinja la 2019, ndipo imodzi mwa izo inali make Nkhungu. Ina anaigulitsa kuti Providence akayambe Fomu 1 kusukulu yogonera komweko. Ina inathyoka mwendo m'matope a m'khola momwemo, n'kugona pamenepo tsiku lathunthu Zondwayo ali kumowa, Fyness akuiyang'ana. Anaipha mawa lake. Pofika 2021 inatsala Nkhungu yokha. Kamkaka kake, pamodzi ndi kena kogula m'makomo, ndiko kankasunga bizinesi yonse: tizigubu tiwiri pasabata, togulitsa kwa anamwino angapo amene anali asanamutaye. Sopo, mankhwala a Yotam ndi fizi ya Providence, zonse zinkatuluka m'mawere anayi amenewo.

Chaka chomwecho kuderako kunabwera mlangizi wa ziweto watsopano, mtsikana wa ku Dedza dzina lake Mtisunge Banda, woyenda panjinga yamoto atavala majombo. Tsiku loyamba kufika kwa a Hara, anapereka moni, n'kudumpha mipiringidzo, n'kuyamba kutsegula Nkhungu kukamwa. Fyness anagwira kumutu.

"Amayi, tabwerani mundigwirireko nyangayi."

"Yayi, alangizi, ine sindilowa."

"Mukuopa ndowe? Imachoka ndi madzitu."

Fyness anamufotokozera zonse, kuyambira pa matalala a 1999. Mtisunge anamvetsera atatsamira mpanda.

"Ndiye ine ndalowa makola angati mwezi uno? Bwenzi Mzimba yense alibe thole."

"Inu ndinu aboma. Komanso simunakwatiwe pano."

"Ndiye kuti ng'ombe zimafunsa kaye setifiketi ya ukwati?" Anaseka, koma poona nkhope ya Fyness analeka. "Amayi, ng'ombe yanuyi yatenga bere. Ibereka cha mu Januwale. Ndi yowonda, ndipo khola ili ndi dambo. Sungani nambala yanga."

Pa Khirisimasi ya 2021, Providence ali patchuthi, Zondwayo anabwera pakhonde atavala jekete, zimene sankachita wamba. Anakhala pafupi ndi m'bale wake n'kulankhula mokweza kuti a kukhitchini amve.

"Kuli munthu ku Edingeni, wa magolosale awiri. Mkazi wake wamkulu wakalamba. Wamuona mwana wathuyu, ndipo lobola akuti apereka zamoyo, zoyenda ndi miyendo, osati za m'thumba. Chibaya ichi chidzadzanso. Sukulu ya ng'ombe imodzi ndi sukulu yanji? Ikangofa iyo, mbwenu yatha. Tiyeni tivomere mtengo usanagwe."

Yotam anayesa kuyankha, koma mawu anakanirira, dovu lokha n'kutsika. Kukhitchini Providence anagwira mkono wa mayi ake mpaka zikhadabo kulowa.

"Amama, ndatsala ndi chaka chimodzi ndi theka."

"Nkhungu ili moyo," anatero Fyness. 

Lachinayi pa 20 Januwale 2022 kunacha ndi mvula yamvumbi. Amuna onse a m'mudzimo anali atapita dzulo lake kumaliro ku Edingeni, ndipo ng'ombe za Zondwayo zinali zitatsekeredwa limodzi ndi za mudzi wina kuti kukhale woziyang'anira. Nkhungu anaisiya yokha poti inali yolemedwa. Fyness atatuluka m'nyumba anaipeza itagona cham'mbali pakati pa khola, ikubuula. Kumbuyo kwake kunali kutatuluka mphuno ya thole ndi mwendo umodzi. Umodzi wokha.

Anaimbira Mtisunge.

"Ndili tsidya lino, amayi, mtsinje wadzaza, njinga singaoloke. Mwati mwendo umodzi? Winawo wapindikira m'kati. Siibereka yokha imeneyo. Pali mwamuna pafupi?"

"Onse ali kumaliro."

"Ndiye ndinu. Sambani mkono ndi sopo mpaka paphewa. Lowani, ndizikuuzani pafoni."

"Alangizi, ndikalowa lifa."

"Mukapanda kulowa zifa zonse ziwiri. Thamangani!"

Anatenga sopo ndi ndowa ya madzi. Anafika pamwala paja. Pamenepo anaima, osapitirira.

Akazi a m'mudzimo anasonkhana ndi maambulera ndi mapepala apulasitiki kumutu. Ena ankati alowe, ena ankati asayerekeze, wina anati athamangire ku Manyamula akapeze mwamuna aliyense, ngakhale wa kabaza. Anatumadi munthu, koma njira inali phala lokhalokha. Mkazi wa Zondwayo anati iye sangalowe, ng'ombe si yake, asadzamunamizire. Pakhonde ndodo ya Yotam inkagunda pansi osalekeza.

Kuchokera pamene anaimapo, Fyness ankaona kalilime ka thole katatuluka pambali pa kamwa. Kankagwedera. Ng'ombe ikakankha, kankabisala, kenako n'kuonekanso, kakugwederabe. Anakayang'anitsitsa kalilime kameneko ngati kuti maso ake ndiwo akukasunga. Ankati akanyamula phazi, ankamva mawu a NyaJere, namvanso kuzizira kwa pa 2 Malichi paja m'chiuno mwake. Ankalibweza. Foni inkalira m'chitenje, iye osayankha. Anapemphera m'Chitumbuka, anapemphera m'Chichewa, anapempha Mulungu kuti atumize mwamuna, ngakhale woledzera.

Dzuwa, kuseri kwa mitambo, linafika pamutu. Kalilime kaja kanada, kanatupa, kenako kanaleka kugwedera.

Patapita kanthawi Nkhungu inasiya kukankha. Inatambasula khosi, n'kugoneka mutu m'matope, mphuno imodzi itamira. Fyness anali ataona kagonedwe kameneko katatu konse, ndipo ankadziwa mathero ake. Kumbuyo kunamveka chiphokoso. Yotam anali atadzigwetsa pampando, akukwawa ndi chigongono chimodzi pamatope a pabwalo, kulunjika kukhola.

Fyness sanaganize kanthu. Sikuti mantha anatha, ayi. Anangoona kuti kunja kwa chipata kulibenso chimene chatsala choti n'kuchiteteza. Anakoka mpiringidzo wapamwamba, wachiwiri anangoudumpha, ndipo matope ozizira anamulandira mpaka m'akakolo.

Anatukula mutu wa ng'ombe n'kuutsamiritsa pa chitenje chake. Anaponyera foni mkazi wina kuti aigwire pamwamba pa mpanda, mawu a Mtisunge akumveka kwa onse.

"Mwalowa? Ambuye alemekezeke. Kankhirani mutu wa tholewo m'kati. Inde, m'kati, musaope. Tsopano tsatani khosi mpaka paphewa. Mwapeza bondo? Tsikani nalo. Chiboda muchifumbate m'dzanja kuti chisang'ambe make. Kokani pang'onopang'ono."

Ng'ombe inamufinya mkono mpaka anakuwa. Anagona chafufumimba m'ndowe, tsaya lili pa ntchafu ya Nkhungu, akufufuza mumdima wotentha ndi zala zimene zinali zitachita dzanzi. Mwendo unawongoka. Anamanga miyendo iwiriyo ndi chingwe cha ndowa, n'kuponyera nsonga yake kunja kwa mpanda.

"Inu simulowa, chabwino. Kokani muli komweko!"

Akazi asanu anakoka ali kunja. Thole linatuluka lonse nthawi imodzi, lalikulu, lalimuna, lakufa.

Nkhungu inapuma, n'kupumanso. Chakumadzulo inadzuka, miyendo ikunjenjemera, n'kuyamba kunyambita mwana wake wosayankhayo.

Atamubweza Yotam pampando, anagwira mkazi wake dzanja. "Chi... kopa. Sunga." Fyness sanamvetse chifukwa chake, koma anatenga mpeni n'kusenda tholelo yekha, n'kupachika chikopa kukhitchini.

Zondwayo anafika mawa lake, nkhani ataimva kale panjira. Sanakhale n'komwe pansi.

"Amama ananena! Ananena ine ndilipo! Walowa kachiwiri, thole lafa kachiwiri. Mlamu, phazi lako likufuna litimalize tonse? Ine ng'ombe imeneyo sindiikhudzanso. Yadetsedwa."

Fyness analowa m'nyumba n'kugona choyang'ana kukhoma. Zinali zoona, thole linafa. Loweruka lonse sanadye. Kunja Nkhungu inkalira kosalekeza, mawere atatupa ngati afuna kuphulika. Ng'ombe zathu zamakolozi sizitulutsa mkaka popanda mwana. Thole liyambe layamwa, kapena make alione, alinunkhize, apo ayi imaumana mkaka mpaka uume. Nkhungu inali yamoyo, koma ikanauma, kwa Providence kunali chimodzimodzi ngati yafa.

Ali chigonere, chimene chinkabwerabwera m'maso mwake sanali mawu a apongozi aja. Kanali kalilime. Anayamba kukayala m'maganizo mwake monga mmene munthu amayalira nyemba posankha. Pamene kankagwedera, iye anali kuti? Pamwala. Pamene kanada, anali kuti? Pamwala. Pamene kanaleka? Pamwala pomwepo, mapazi ake onse awiri ali kunja, oyera, osalakwira munthu. Thole lija linafa iye asanaponde m'khola. Chimene anachipeza chamoyo m'katimo chinali chamoyobe, n'chimene chinkalira panjapo. Ndipo la 1999 lija, limene analinyamula pachifuwa, linakula mpaka kukoka ngolo.

Anadzuka n'kukhala pamphasa. Sanamve kupepuka. Anamva mkwiyo wowawa ngati ndulu, poganiza za ng'ombe zinayi zimene zinatha iye akuyang'ana, ataimirira mwaulemu.

Lamulungu m'mawa, anthu akupita kutchalitchi, anafunsa mwamuna wake za chikopa chija. Yotam anafotokoza ndi mawu oduka ndi dzanja lamanzere zimene ankachita agogo ake thole likafa. Fyness anasoka chikopacho ndi ulusi wa thumba, anachifutsa udzu wouma, anaikamo timitengo tinayi m'malo mwa miyendo. Chinatuluka chinthu chomvetsa chisoni, chopindika khosi, chopanda maso. Anachiwaza madzi amchere pamsana, n'kuchinyamula kukhola, ndowa ili kumutu.

Pachipata anakumana ndi Zondwayo atanyamula Baibulo la mkazi wake.

"Hii! Mlamu wabereka! Mwana wafanana ndi a kwa Zgambo ameneyu."

"Yewo, mlamu. Patukani, ndachedwa."

Anaimika chidolecho patsogolo pa Nkhungu. Ng'ombe inafwenthera, inabwerera m'mbuyo, kenako inatambasula khosi n'kununkhiza. Inalira kamodzi chapansipansi, kulira kwina kosiyana ndi kwa masiku awiri aja, n'kuyamba kunyambita. Fyness anamanga miyendo yakumbuyo monga ankaonera kwa zaka zonsezo kudzera mumpanda, anagwada, anagwira bere. Panalibe kanthu. Anali asanakamepo chibadwire. Anakoka, ng'ombe inapalasa, ndowa inagubuduka. Anaitola. Pakhonde Yotam anakweza dzanja, akutseka zala chimodzichimodzi kuyambira chapamwamba. Fyness anatsanzira. Kadontho kanagwa. Kenako kamzere koyera kanalira pansi pa ndowa, kenako kawiri.

Analira akukama, chipumi chili pamimba pa ng'ombe, ndipo sanasiye mpaka mawere atafota.

Mkaka wa masiku oyamba sapangira chambiko, choncho anadikira. Lachisanu pa 11 Febuluwale anatsika matola padepoti ndi chigubu chimodzi n'kulunjika kwa mayi Linily.

"Mwabwera ndi kachasu uja?"

"Lawani, mayi."

Analawa. Anatenganso supuni yachiwiri, yodzaza. "Wakama ndani?"

Fyness anatambasula manja ake, osweka m'zala.

"Ohoo, abwerako ku Joni! Lachiwiri mubwere ndi ziwiri."

Sikuti zinthu zinayenda bwino kuyambira pamenepo. Ng'ombe imodzi ndi imodzi basi. Panali masabata amene ankadya kamodzi patsiku kuti chigubu chidzaze. Ena m'mudzimo analeka kumwa madzi a m'nyumba mwake. Koma anakumba ngalande yochotsa matope m'khola, anamanga kadenga pakona pake, ankachotsa nkhupakupa ndi manja m'mawa uliwonse, ndipo akazi awiri a mudzi woyandikana, amene amuna awo anatchona, anayamba kumubweretsera mkaka woti iye wawaphunzitsa kukama mwaukhondo. Wa magolosale uja anatumizanso mawu kawiri. Kachiwiriko Fyness anayankha yekha, pamaso pa Zondwayo, kuti mwanayo ali pasukulu.

Yotam anamwalira Lachisanu pa 3 Malichi 2023, ali pampando wake uja, ng'ombe zikubwera kudambo. Providence analemba mayeso a Fomu 4 chaka chomwecho, nakhoza. Mu Novembala Nkhungu inabereka thole lalikazi, lamoyo, Fyness ali pambali pake.

Chaka cha maliro chitatha, mwini khola anali Zondwayo yekha. Ng'ombe zake ziwiri zinali zitafa m'dzinjalo, ndipo sanafune kumva za nkhupakupa. M'mawa wina kumayambiriro kwa Juni 2024, Fyness anapeza chipata chitakulungidwa waya waminga, mlamu wake atakhala pamwala paja.

"Amene ankakulola anapita. Kuyambira lero ndowa uziika apa, monga kale. Ndizikukamira ndine."

Fyness anaima ndi ndowa m'manja, pamalo pomwe anaimapo zaka zonse zija. Mawondo ake anaidziwa nthaka imeneyo, ndipo kwa kanthawi anafuna kuvomera. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Manda a mwamuna wake anali kuseri kwa mpanda womwewo. Kunja kwa mudziwo analibe nyumba, analibe munda. Providence anali atangoitanidwa kukaphunzira za unamwino, ndipo zofunika kumeneko zinali zambiri kuposa za kusekondale.

"Mlamu," anatero, "chibaya n'chanu, sindikukanirani. Koma Nkhungu ndi mwana wake n'za kwa Zgambo. Munalipo pamene adada ananena."

"Ndiye uzitenge uzikagona nazo kuchipinda!"

"Yewo chomene. Ndamva."

Mayi Linily anamupezera malo obwereka kunja kwa tauni, kwa m'bale wa mwamuna wawo, okhala ndi kanyumba kopanda chitseko ndi dambo pafupi. Fyness anapitako masiku atatu otsatizana, nadzika yekha mitengo ya bulugamu mozungulira, kusiya mpata wa chipata kum'mawa. Katundu wa m'nyumba ndi zipanda anazitumiza pa ngolo. Chidole cha udzu chija, chimene chinali chitathothoka ubweya ndi kunyambitidwa, anachisiya pamanda a Yotam.

Tsiku lonyamuka anadzuka m'kuzizira kwa Juni, nkhungu itaphimba dambo. Zondwayo sanatuluke m'nyumba. Fyness anamasula wayayo ndi manja, minga ikumubaya, anachotsa mipiringidzo yonse, analowa mpaka pakati pa khola n'kumanga chingwe m'nyanga za ng'ombe yake. Potuluka sanatsate kanjira kokhota kaja. Anadutsa pakati pa bwalo, thole likuthamanga pambuyo, n'kulowa mumsewu wa kuboma wapansi. NyaZgambo anachoka kwa a Hara Loweruka, pa 8 Juni 2024.